Chipata Chopapatiza: Mbiri ya Makalata a Pakompyuta M'Malaŵi

M'nkhani yathu ya mbiri lero tikamba za chipata china chimene ambiri a inu simudachionepo ndi maso, pakuti sichidamangidwe ndi njerwa kapena chitsulo. Chidali pologalamu ya m'kompyuta, ndipo ntchito yake idali kulandira makalata ochokera m'dziko muno ndi kuwaloŵetsa m'intaneti, komanso kulandira ochokera kunja ndi kuwatsitsira kwathu kuno. Kuyambira m'chaka cha 1993 kufikira 1997, pamene Malaŵi adali asanalumikizidwe ku intaneti mwachindunji, aphunzitsi a m'makoleji, ofufuza ndi ogwira ntchito m'mabungwe osiyanasiyana ankadutsitsa mauthenga awo pachipata chotere. Chidali chopapatiza ndithu. Zofooka zake zinkadziŵika bwino lomwe, ndipo pachofooka chilichonse anthu adapeza njira yolambalala, kupatula chimodzi chokha chimene tichitchula kumapeto, chifukwa ndicho chidakhudza kwambiri anthu a m'chidikha cha Kasungu.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambire pa chinthu chimene a ku Kasungu amachidziŵa kuposa wina aliyense, ndicho ulendo wa belo la fodya. Mlimi wa ku Chamama, ku Santhe kapena ku Wimbe sanyamula tsamba limodzilimodzi kupita nalo ku okushoni. Amathyola, nasoka, nayanika m'chigafa. Fodya akauma amamsankha monga mwa maonekedwe ake, namdinda ndi jeke kuti wambiri aloŵe m'chiguduli chimodzi, ndipo pabelopo amalembapo nambala yake. Kenaka belo limadikira lole, nayonso lole siinyamuka katundu asanakwane. Ikafika ku Kanengo, kumene msika wa okushoni udatsegulidwa mu 1979, kapena ku Chinkhoma m'boma la Kasungu lomwelo, imaima pamzere kudikira nthaŵi yake. Belo lolemera kupyola muyezo, kapena lolembedwa nambala yolakwika, limabwezedwa.

Umu ndi mmenenso makalata oyamba a pakompyuta ankayendera. Ankasonkhanitsidwa, nadindidwa kuti achepe, nalembedwa nambala, nadikira nthaŵi ya ulendo, ndipo pachipata padali muyezo umene aliyense ankayenera kuulemekeza.

Kumene njirayi idachokera

M'chaka cha 1984 munthu wina wa ku America, Tom Jennings, adalemba pologalamu yotchedwa Fido, imene inkachititsa makompyuta kuimbirana telefoni okha usiku, pamene mtengo wa lamya udali wotsika, ndi kupatsana makalata amene anthu adasiya masana. Makompyuta ogwirizana motere adatchedwa FidoNet. Dziko lonse lapansi adaligaŵa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo Africa adapatsidwa nambala 5. Kompyuta iliyonse yolandira ndi kupereka makalata, imene tiitche siteshoni, idali ndi keyala ya manambala osonyeza chigawo, dera ndi siteshoniyo. Ubwino wa njirayi kwa maiko osauka udali woonekeratu. Siinkafuna waya wapadera wolumikizidwa usana ndi usiku. Zinkakwanira kompyuta wamba, telefoni wamba, ndi kabokosi kotchedwa modemu kamene kamasandutsa zilembo kukhala kulira koyenda m'waya.

Vuto lidali lakuti FidoNet ndi intaneti zidali ngati mitundu iŵiri yosamvana chinenero. Pakati pawo pankafunika womasulira, ndipo womasulirayo ndiye chipata chimene tikunenachi. Imodzi mwa mapologalamu odziŵika ogwira ntchito imeneyi inkatchedwa UFGATE. Kuno kum'mwera kwa Africa, a Mike Lawrie ndi anzawo a pa Rhodes University, mumzinda wa Grahamstown umene kuyambira 2018 umatchedwa Makhanda, adayamba mu 1989 kutumiza makalata kudzera kwa a Randy Bush a ku Portland, ku America. Ku London kudali bungwe la GreenNet, ndipo ku Johannesburg kudali WorkNet, imene mu 1993 idasanduka SANGONeT. Mabungwe aŵiriŵa adali m'chigwirizano cha APC chimene chidakhazikitsidwa mu 1990, ndipo zipata zawo zidatumikira masiteshoni ambiri a mu Africa. Anansi athu a pa University of Zambia ku Lusaka adali atayamba kale kugwiritsa ntchito njirayi mu 1991.

Kwathu kuno ntchitoyi adaiyamba ndi Dr Paulos Nyirenda, amene panthaŵiyo ankaphunzitsa Physics pa Chancellor College ku Zomba. Siteshoni yawo, yotchedwa UNIMA, idayamba kugwira ntchito mu 1993, ndipo keyala yake ya FidoNet idali 5:7231/1. Amene adalandirapo kalata yochokera ku Malaŵi m'zaka zimenezo adzakumbukira keyala yothera ndi unima.wn.apc.org. Zilembo ziŵiri za wn zinkaimira WorkNet, kusonyeza kuti kalata yochokera ku Zomba inkayamba yatsikira ku Johannesburg isanaone dziko lina lililonse.

Zaka zimenezo sizidali zaka wamba. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika idaŵerengedwa m'matchalitchi, ndipo m'miyezi yotsatira anthu ena ogwira ntchito m'maofesi okhala ndi makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala adamangidwa powaganizira kuti akufalitsa zikalata zotsutsa boma. Pa 14 Juni 1993 kudachitika riferendamu, ndipo pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho cha zipani zambiri. Choncho chipata cha ku Zomba chidatseguka panthaŵi imene milomo ya anthu idali kumasuka, ndipo ludzu lolankhula ndi dziko lakunja lidali lalikulu kuposa kukula kwa chipatacho.

Kudikira ndi mtengo wa lamya

Chofooka choyamba chidali chakuti kalata siinkanyamuka pomwe mwiniwake waimaliza. Wogwiritsa ntchito aliyense adali ngati nthambi ya siteshoni. Ankalemba makalata ake onse telefoni ili chikhalire, ndipo akatha, kompyuta yake inkaimba ku siteshoni, n'kupereka mtolo wopita, n'kulandira mtolo wobwera, n'kudula. Zonsezi zinkatha m'mphindi zoŵerengeka. Mtolowo unkagona pasiteshoni kufikira nthaŵi yoikika yolankhulana ndi chipata. Motero funso lofunsidwa lero linkayankhidwa maŵa kapena mkuja. Kwa anthu ozoloŵera kudikira kalata ya pandege masabata aŵiri kapena atatu, limeneli lidali liŵiro lodabwitsa, koma lidafuna mwambo wake. Wanzeru ankadziŵa maola a ulendo monga mmene wapaulendo amadziŵira nthaŵi ya basi, ndipo ankaunjika mafunso ake onse m'kalata imodzi, podziŵa kuti funso loiŵalika limtayitsa tsiku lathunthu.

Siteshoni ya telefoni imodzi inkatumikira munthu mmodzi panthaŵi imodzi, ndipo pologalamu ya DOS, imene inkayendetsa makompyuta ambiri a nthaŵiyo, inkagwira ntchito imodzi yokha panthaŵi. Oimba ena ankapeza waya uli wotanganidwa. Mankhwala ake adali kuuza kompyuta kuti izibwereza kuimba yokha, makamaka usiku anthu atagona. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kalata nayo idali yako ikatsikira m'kompyuta yako, osati ikadali ku Johannesburg.

Chofooka chachiŵiri chidali mtengo. Matelefoni onse adali m'manja mwa boma pamodzi ndi mapositi, ndipo kuimba kunja kwa dziko kunkalipiridwa pamphindi iliyonse pamtengo wokwera. Mu Febuluwale 1994 boma lidaleka kuikira kwacha mtengo wokhazikika, ndipo m'miyezi yotsatira ndalamayo idagwa kwambiri, kotero kuti modemu ndi chipangizo chilichonse choitanitsa kunja chidakwera. Apa anthu adapeza nzeru zingapo. Yoyamba idali yakuti, popeza kuimba kuchokera ku London kapena ku Johannesburg kudali kotsika mtengo kusiyana ndi kuimba kuchokera m'maiko ambiri a mu Africa, chipata ndicho chinkaimbira masiteshoni, ndipo eni masiteshoni ankabweza ndalamazo pambuyo pake. Nzeru yachiŵiri idali jeke uja. Mapologalamu monga ARC ndi ZIP ankadinda makalata ambiri kukhala mtolo umodzi waung'ono, kotero kuti zolemba zinkachepa ndi theka kapena kuposerapo zisanaloŵe m'waya.

Nzeru yachitatu idali yoŵaŵa. M'masiteshoni ambiri a mu Africa munthu ankalipira monga mwa kulemera kwa makalata ake, otuluka ndi oloŵa omwe, pakuti waya sufunsa kuti katunduyu akupita kuti. Mnzanu wa kunja amene kwawo intaneti idali ngati madzi a pampopi akanatha kukusaukitsani pokutumizirani zolemba zazitali zimene simudapemphe. Ndiponso inu mukudziŵa mmene kalata ya Mmalaŵi imayambira: moni kwa onse a pakhomo, kufunsa za moyo wa ana ndi agogo, kufotokoza za mvula ndi za kumunda, nkhani yeniyeni n'kumabwera patsamba lachiŵiri. Pachipata chimenechi ulemu wotere udali ndi mtengo wake, ndipo wolemba ankayenera kusankha pakati pa mwambo ndi thumba.

Keyala, muyezo ndi chilembo chosoŵa

Chofooka chachitatu chidali m'kalembedwe ka keyala. Amene adakonza FidoNet adasiya malo a zilembo 36 olembapo dzina la wolandira, ndipo limodzi mwa maloŵa lidali la chizindikiro chotsekera, kotero kuti otsala adali 35. Mutu wa kalata udapatsidwa malo 72. Pa dzina la munthu malo ameneŵa ankakwana, koma makeyala ambiri a intaneti ankasefukira. Njira yolambalala idali yodziŵika kwa wogwiritsa ntchito FidoNet aliyense padziko. Pamalo a dzina ankalembapo mawu akuti UUCP, kalata n'kuilunjikitsa ku nambala ya chipata. Ndiyeno mzere woyamba weniweni wa kalatayo unkayamba ndi To: kutsatana ndi keyala ya intaneti, kenaka mzere wopanda kanthu, ndipo pambuyo pake moni. Woyamba ndi moni asanalembe mzere umenewu ankaona kalata yake ikubwerera, monga belo lolakwika nambala.

Nawo a kunja ankavutika polemba keyala yathu. Lamulo la FidoNet lidali lakuti manambala atembenuzidwe, kuyambira kunthambi kubwerera kuchigawo. Munthu wa panthambi yachinayi ya siteshoni 5:7231/1 akanalembedwa ndi dzina lake, mipata yonse itasanduka madontho, kenaka p4.f1.n7231.z5.fidonet.org. Keyala yotere siikumbukika, ndipo kulakwitsa nambala imodzi kunkatumiza kalata kudziko lina. N'chifukwa chake eni zipata adakonza maina oŵerengeka ndi anthu, monga unima.wn.apc.org uja, chipata n'kumasunga mndandanda wosonyeza kuti dzina lakuti likuimira nambala yakuti.

Chofooka chachinayi chidali muyezo wa kalata. Pologalamu ya DOS inkagwira ntchito m'malo a makilobayiti 640 okha, ndipo mapologalamu ambiri a FidoNet ankalephera kunyamula kalata yopitirira zilembo 16,000, ena 32,000, ena 64,000. Kalata yaitali chipata chinkaidula nthulinthuli, chigawo chilichonse ndi nambala yake, ndipo wolandira ankazilumikiza yekha. Nthaŵi zina chigawo chachitatu chinkafika chachiŵiri chisanafike, ndipo chimodzi chikasoŵa pankafunika kulemba kalata ina yopempha kuti chitumizidwenso.

Chithunzi, kapena zolemba za m'pologalamu monga WordPerfect, sizinkadutsa pachipata momwe zidalili, pakuti chipatacho chinkadziŵa zilembo zokha. Pologalamu ya uuencode inkazisandutsa zilembo, koma pa magawo atatu alionse inkatulutsa anayi. Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Modemu ya liŵiro la 2400 inkanyamula zilembo pafupifupi 240 pasekondi. Tsamba limodzi lotayipa, la zilembo 2,000, linkadutsa m'masekondi osakwana khumi. Chithunzi chimodzi cha makilobayiti 100, chikasandulizidwa zilembo, chinkadya mphindi zoposa zisanu ndi zinayi, ndiye kuti mtengo wa masamba oposa 60. Mu 1992 akatswiri a intaneti adagwirizana njira yatsopano yomatira zinthu kukalata, yotchedwa MIME, koma zipata zakale sizinkaimva. Wolandira ankangoona mizere ya zilembo zopanda tanthauzo, ndipo ankayenera kuidula ndi kuipereka ku pologalamu ina kuti imasulire. Langizo la oyang'anira masiteshoni kulikonse lidali limodzi: tumizani mawu okhaokha, zokongoletsa zisiyeni.

Chofooka chachisanu chikukhudza chinenero chathu. Makalata a intaneti adamangidwa pa mndandanda wa zizindikiro 128 wa ku America wotchedwa ASCII, umene udakonzedwera Chingerezi. M'mndandanda umenewu mulibe chilembo cha ŵ, chija chovala kadenga pamwamba, chimene chili m'dzina la dziko lathu. Mudalibenso m'zizindikiro 256 za makompyuta a IBM. Komatu Chichewa Board, imene idakhazikitsidwa mu 1972, idachiika m'malamulo a kalembedwe a 1973, ndipo liwu lake limamveka kwambiri pakamwa pa anthu a ku Kasungu, kumene akuluakulu amati ŵanthu ndi ŵana. Buku la galamala ya Chicheŵa limene Mark Hanna Watkins adatulutsa ku America mu 1937 lidalemba kalankhulidwe ka ku Kasungu komweko, popeza amene ankamuuza mawu adali Kamuzu Banda, ali wophunzira ku Chicago. Wogwiritsa ntchito taipilaita ankatha kuwonjezera kadengako ndi cholembera, koma pachipata panalibe cholembera. Njira yokhayo idali kukachotsa, ndipo Malaŵi adaloŵa m'intaneti ali wosavala kadenga kake. Olemba ambiri adali atayamba kale kuchisiya chilembochi, ndipo kompyuta idakankhira komweko. Mndandanda wa Unicode uli nacho, koma pamene udafala, zala zidali zitazoloŵera kale.

Mphezi, chinsinsi ndi masamba a kutali

Chofooka chachisanu ndi chimodzi chidali m'waya momwemo. Mawaya amkuwa akale ankachita phokoso, makamaka m'nyengo ya mvula madzi akaloŵa m'malumikizidwe, ndipo lamya inkaduka mtolo uli pakati. Pano chidathandiza ndi njira yotumizira yotchedwa Zmodem, imene Chuck Forsberg adalemba mu 1986. Waya ukaduka, iyo inkayambira pomwe idalekezera m'malo mobwerera pachiyambi, monga mlimi amene mvula yamdukiza amabwerera pamzere umene adasiya khasu. Mamodemu okonza okha zolakwika adathandizanso, ndipo a Telebit adatchuka chifukwa chopirira pamawaya oipa. Koma mphezi idalibe pologalamu yoiletsa. Mitambo ikada, wanzeru ankazula waya wa telefoni kumodemu, ndipo magetsi a ESCOM akathima siteshoni yopanda batire inkagona pamodzi ndi makalata a anthu onse.

Chofooka chachisanu ndi chiŵiri chidali chakuti kalata ya FidoNet idalibe envulopu. Woyang'anira siteshoni iliyonse imene kalatayo idadutsapo akanatha kuiŵerenga. Malamulo a FidoNet a 1989 sankalola ngakhale kudutsitsa kalata yobisa mawu pasiteshoni ya munthu popanda chilolezo chake. M'dziko limene anthu adakhala zaka zambiri akuopa kuti makalata awo amatsegulidwa kupositi, ichi sichidali chinthu chaching'ono. Chimene chidachirikiza njirayi chidali kukhulupirika kwa woyang'anira, ndiponso nzeru yakale yakuti nkhani ya kuchipinda siilembedwa pakhadi.

Chinanso, chipata chinkanyamula makalata okha. Pamene masamba a World Wide Web adayamba kufala mu 1993, munthu wa paFidoNet sakanatha kuwatsegula. Koma ngakhale apa njira idapezeka. Kunja kudali makompyuta otumikira, monga ftpmail ndi Agora, amene munthu ankawalembera kalata yotchula keyala ya chimene akufuna, iwo n'kukachitenga, n'kuchitumiza ngati kalata. Tsamba linkafika maŵa lake. Ngati m'tsambamo mudali njira yoloza kutsamba lina, pankafunika kalata ina ndi tsiku lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ofufuza a nthaŵiyo adadekhadi.

Padalinso chilema chobisika chimene chidadikira tsiku lake. FidoNet inkalemba chaka ndi manambala aŵiri okha, 93 m'malo mwa 1993, kotero kuti pofika chaka cha 2000 mapologalamu ambiri akale adasokonezeka ndipo adafunika kukonzedwa. Koma pamenepo n'kuti Malaŵi atapeza kale khomo lina.

Khomo lalikulu litatseguka

Ku Zambia, kampani ya ZAMNET, yobadwira pa University of Zambia, idalumikiza dzikolo ku intaneti mwachindunji mu Novembala 1994. Kwathu kuno zimenezi zidachitika mu 1997 pamene kampani ya MalawiNet idayamba ntchito. Padabweranso Malawi SDNP, yothandizidwa ndi bungwe la UNDP, imene adaitsogolera Dr Nyirenda omwewo, ndipo mu 2002 idapatsidwa udindo woyang'anira maina a intaneti othera ndi .mw. Lamulo la zamauthenga la 1998 lidabala bungwe la MACRA, ndipo mu 2000 ntchito ya mapositi idalekanitsidwa ndi ya matelefoni.

Chodabwitsa n'chakuti m'chinthu chimodzi njira yakale inkaposa yatsopano. Anthu aŵiri a siteshoni imodzi ya UNIMA akalemberana, kalata yawo inkathera ku Zomba osatuluka m'dziko. Koma makampani a intaneti atachuluka, lililonse ndi njira yakeyake yopita kunja, kalata yochokera kukampani ina kupita ku inzake mumzinda womwewo inkatha kukazungulira kutsidya kwa nyanja, ulendo wonsewo ukulipiridwa ndi ndalama zakunja. Izi zidayamba kukonzeka mu 2008 pamene makampaniwo adatsegula malo osinthanirana mauthenga pa College of Medicine ku Blantyre.

Chofooka chopanda njira yolambalala

Tsopano tibwerere ku Kasungu. Nzeru zonse tatchulazi zinkathandiza munthu amene adali kale pakhomo pa chipata, ndiye kuti wokhala ndi kompyuta, magetsi, telefoni ndi Chingerezi. Pakati pa zaka za m'ma 1990 matelefoni a m'dziko muno sankafika imodzi pa anthu 200 alionse, ndipo ambiri adali ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Mphunzitsi wa pakoleji ya aphunzitsi ku Kasungu, kapena mlangizi wa ku Kasungu ADD, akanakhala ndi zonse zofunika, akanayenerabe kuimba lamya ya mtunda wa makilomita oposa 400 kuti afike ku Zomba, asanayambe n'komwe kulipira ulendo wa kunja. Nanga mlimi wa ku Chulu kapena ku Nkhamenya, kumene waya sudafike?

Zaka zomwezo ndizo zimene mlimi wamng'ono ankafunitsitsa nkhani. Kuyambira mu 1990 alimi a m'midzi adayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, amene kale adali wa maesiteti okha, ndipo adayamba kugulitsa ku okushoni kudzera m'makalabu. Mtengo wa fodyayo unkadalira ogula a kutsidya kwa nyanja. Fodya ankabweretsa ndalama zakunja zoposa theka la zonse zimene dziko linkapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo Kasungu ali m'gulu la maboma olima wambiri. Ndalama zimene zinkagulira makompyuta ndi mamodemu zinkachokera m'zigafa zimenezo, koma mwini chigafa ankamva za mitengo pawailesi ndi pakamwa pa dalaivala wa lole.

Mbiri ya William Kamkwamba ikuonetsa kutalika kwa mtunda umenewu. Mnyamata ameneyu, wa m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe, adasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo mu 2002 adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo poona zithunzi za m'buku limene adabwereka mulaibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale. Intaneti adaiona koyamba mu 2007, ku Arusha m'dziko la Tanzania, kumene adaitanidwa kumsonkhano wa TED. Pamenepo n'kuti papita zaka 14 chitsegukire chipata cha ku Zomba, ndi zaka 10 chifikire intaneti m'dziko lake.

Chimene chidafikitsa uthenga wolembedwa m'midzi ya Kasungu ndi foni ya m'manja. Kampani ya TNM idakhazikitsidwa mu 1995, Celtel idabwera mu 1999, ndipo m'zaka zotsatira nsanja zidamera m'mphepete mwa msewu wa M1 ndi kupyola apo. Koma taonani mmene nzeru zakale zidabwererera. Uthenga wa SMS uli ndi malo a zilembo 160, ndipo mukaikamo ŵ mmodzi yekha malowo amatsika kufika pa 70, chifukwa chilembochi mulibenso m'mndandanda wa mafoni. Wosoŵa mayunitsi amafulasha kuti mwini ndalama ndiye aimbe, monga mmene chipata cha kunja chinkaimbira masiteshoni a mu Africa. Wogula bandulo amadikira ya usiku yotsika mtengo, ndipo wa kudera la netiweki yovuta amalemba mauthenga ake ali pakhomo, n'kukawatumiza onse pamodzi akakwera pachulu. Anthu ameneŵa sadamvepo za FidoNet, koma umphaŵi wa waya udawaphunzitsa phunziro lomwelo.

Potsiriza, omvera, tili ndi pempho. Mbiri ya telegalamu ndi ya amtengatenga onyamula makalata idasungidwa chifukwa idalembedwa pamapepala. Mbiri ya zaka zinayi zimene takambazi idalembedwa pamadisiketi, ndipo disiketi imafa msanga kuposa pepala, makina oiŵerengera nawonso akusoŵa. Ngati m'kabati mwanu muli kalata yosindikizidwa yokhala ndi keyala ya unima.wn.apc.org, risiti ya malipiro a makalata, kabuku ka malangizo, kapena modemu imene mphezi idaisiya, musazitaye. Kaziperekeni ku National Archives ku Zomba kapena kulaibulale ya University of Malawi, kuti adzukulu athu adzadziŵe kuti khomo lalikulu limene akudutsamo lidayamba ngati kampata ka zilembo 35.